Matumbo a wotchi ya atcheyamani

Amuna anga anali mphunzitsi, koma matenda awo anali mawotchi. Amuna a anzanga ena ankathera ku kachasu, ena ku bawo, ena kwa akazi a pabala. Anga ankathera pa tizitsulo togunda pamkono. Poyamba ndinkayamika Mulungu kuti wandipatsa mwamuna wogona pakhomo. Ndinazindikira mochedwa kuti wotchi nayo ndi mkazi mnzako, ndipo imaposa wa pabala uja chifukwa iyo imagona m'nyumba mwako momwemo.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa sukulu ina ya kwa Kapondo, m'nyumba ya aphunzitsi ya zipinda ziwiri, ya malata amene ankadontha pamene pali bedi pomwepo. Zinali zaka za chipani chimodzi. Khadi la chipani unkayenda nalo kulikonse: kumsika, kuchigayo, kuchipatala, ngakhale pokwera basi. Ife amayi tinali ndi nsalu zathu zokhala ndi nkhope ya mwini dziko, zimene tinkavala pokavina kuboma kukabwera akuluakulu. Kuvala nsalu imeneyo kunkafuna luso, chifukwa nkhopeyo inkayenera kugwera pamalo aulemu. Ukamanga molakwika n'kuikhalira, nkhani yake inkafika patali iwe usanadzuke pamene wakhalapo. Dzina la mwini dzikoyo sitinkalitchula chisawawa ngakhale m'nyumba, ndipo mpaka lero lilime langa limachita nalo mphwayi.

Mawotchi awo sankagula m'sitolo. Wotchi yatsopano ankaiona ngati mwana amene sanaone dziko. Ankafuna akale, amene analowa m'dziko muno pamikono ya anthu oyenda: madoda amene anakhalitsa ku Joni, ena amene anakakumba m'migodi ya ku Kitwe, asilikali a nkhondo ya azungu, ndi ansembe a ku Kachebere. Akangomva kuti m'mudzi wakutiwakuti muli nkhalamba imene inabwera ndi wotchi kalekale, Loweruka ankakwera njinga. Pobwera ankalowa mwakachetechete, akumwetulira ngati mwana amene wanyambita shuga, ndipo ine sindinkafunsa kanthu, ndinkangopita kukhola kukaona chimene chasowa. Abakha anga anatha motero. Mbuzi yanga yamkota inapita kwa Dambe, ndipo m'malo mwake m'nyumba munalowa wotchi yopanda galasi, ya muvi umodzi. Nditadandaula anandiuza kuti mbuzi zili paliponse, koma wotchi ya mtundu umenewo m'boma lonse la Mchinji inalipo imodzi yokha. Ndinawayankha kuti mbuzi imabereka.

Koma kuwadziwa mawotchiwo ankawadziwadi. M'tchalitchi anthu akamayang'ana kuguwa, iwo ankayang'ana mikono. Wansembe akakweza chikho, mkanjo n'kutsetsereka pang'ono, ankandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti imeneyo ndi ya ku Switzerland, ya nkhondo isanayambe. Wotchi akaigwira sankakhulupirira zolembedwa pamaso pake. Ankaitsegula kumbuyo ndi kampeni kamene ananola okha, n'kuika kagalasi kokulitsira zinthu m'diso, n'kuyamba kuyang'ana timiyala tofiira timene timakhala m'katimo, tating'ono ngati maso a nyerere. Wotchi yabwino imakhala ndi timiyala tambiri, chifukwa ndi pamene timawilo take timazungulira osaperesana. Ya kumsika wa ku Chipata inkatha kulembedwa pamaso kuti ili ndi timiyala tankhaninkhani, m'kati muli kamodzi kokha, kamene sikakugwira ntchito iliyonse. Za m'katimo iwo ankati matumbo, ndipo ankakonda kunena kuti nkhope ya wotchi imanama koma matumbo sanama.

Mawotchiwo ankakhala m'chitini cha mabisiketi, aliyense m'kansanza kake, ndipo okondedwa kwambiri anali ndi maina. Panali Msilikali, wotchi yolemera ya nkhope yakuda, manambala ake owala mumdima, kumbuyo kwake kuli kachizindikiro ngati phazi la nkhuku. Panali Mjoni, imene golide wake anali atasupuka m'mbali chifukwa cha thukuta la mwini wake woyamba. Ndipo panali Wansembe, yopyapyala, yasiliva, yokhala ndi kamuvi kakang'ono koyenda pakokha m'munsi. Imeneyo anawapatsa wansembe wina wokalamba pobwerera kwawo, pothokoza kuti anamuphunzitsa miyambi wansembe wolowa m'malo mwake. Ndiyo wotchi yokhayo imene sinadye chiweto changa, ndipo nanenso ndinkaikonda. M'mawa uliwonse ankawatulutsa onse, n'kumapota kamutu ka wotchi iliyonse kuti ipeze mphamvu, kenako n'kuwalinganiza ndi wailesi. Ntchito imeneyi inkatenga nthawi, moti pa sukulu yonse panalibe mphunzitsi wochedwa ngati iwo.

Mnzawo pa matendawa anali mkulu wina wachisilamu, Myao wa ku Mangochi, amene anali ndi sitolo kuboma. Ife tinkangoti bambo a sitolo. Ankagulitsa mchere, palafini ndi nsalu, koma pansi pa kauntala anali ndi kabokosi ka mawotchi akeake. Awiriwa ankatha tsiku akutsutsana za chaka chimene wotchi inapangidwa, makasitomala akudikira mchere. Aliyense ankanyoza wotchi ya mnzake imene ankaifuna kwambiri, kuti mnzakeyo aitaye mtima, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezi.

Atcheyamani a chipani m'dera lathu anali mlimi wa fodya, munthu wamimba ndi mawu aakulu, amene sukulu anailekezera pamene ena amaiyambira. Sanali woipa mtima kwenikweni. Ankangokonda kuopedwa, monga ena amakondera nyama ya nkhumba. Chaka china anapita ku msonkhano waukulu ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi wotchi yonyezimira yokhala ndi nkhope ya mwini dziko pakati, mivi ikuzungulira kuchokera pamphuno. Ankaivala kudzanja lamanja, atapinda malaya mkono umodzi wokhawo. Ukawapatsa moni ankakuuza nthawi usanafunse. Amuna anga ataiona pa msonkhano wina, anabwera kunyumba n'kunena kuti wotchi imeneyo sidzaiona mvula. Ndinawauza kuti ameze mawu awo, ndipo ndinatuluka kukazungulira nyumba kuona ngati kuseri kunali munthu.

Sanalakwitse. Mvula isanagwe wotchi ija inaima. Atcheyamani anapitiriza kuivala, ndipo munthu akafunsa nthawi ankayamba ayang'ana dzuwa, kenako wotchi, n'kutchula zimene aganiza. Anthu onse ankaona kuti mivi yagona malo amodzi, koma panalibe wofuna kukhala woyamba kuona. Kenako kunamveka kuti kukubwera akuluakulu a kuboma kumapeto kwa mwezi, ndipo ena mwa iwo ankadziwa kuwerenga wotchi.

Atcheyamani anatipeza masana ena ine ndikuswa mtedza pakhonde, amuna anga akuchonga makope. Titawapatsa mpando ndi madzi, anavula wotchi ija pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, ndamva kuti zinthu izi mumazidziwa ndinu. Tayioneni. Yatani?"

Amuna anga anailandira ndi manja awiri, anaiika kukhutu, anaigwedeza pang'ono. Kwathu kuno wotchi ikasiya kuyenda timangoti yafa, ndipo ndinaona mawu amenewo akubwera pamilomo yawo. Ndinagwetsa lichero la mtedza dala. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana nkhope imene inali m'manja mwawo.

"Ikupumula, bwana."

"Kupumula?" atcheyamani anafunsa motsitsa mawu. "Mwini wakeyu munamvapo kuti amapumula?"

Amuna anga anati ayi, sanamvepo. Ndinkawaona akufunafuna mawu ngati munthu wofuna poponda m'dambo. Sakanati yatopa. Sakanati yakalamba, kapena ikudwala, kapena yaima, pakuti pa wailesi tinkamva tsiku ndi tsiku kuti dziko likupita patsogolo. Nkhuku zinafika kudzatola mtedza wanga, ndipo sindinazithamangitse.

"Ndi fumbi, bwana. Wotchiyi payokha ili bwinobwino, koma mwalowa fumbi."

"La kuti?"

"Mphepo ya masiku ano ikuchokera kumalire."

Atcheyamani anagwedeza mutu kwa kanthawi. Anati iwonso ankaganiza zomwezo, chifukwa zinthu zochokera kunja sizilifunira zabwino dziko lino. Anaisiya wotchiyo, nati aipeze ikuyenda alendo asanafike.

Atangopita tinalowa m'nyumba n'kutseka zenera. Vuto loyamba linali lakuti wotchi suitsegula kumbuyo osaivundikira, ndipo kuivundikira kunali kugoneka nkhope ija chafufumimba patebulo la mphunzitsi wa pulayimale. Ndinatulutsa nsalu yoyera imene tinabatizira ana, ndinaipinda kanayi, ndipo anaigoneka pamenepo mwaulemu. Atatsegula anayamba kuseka, kenako analeka. M'katimo munalibe kamwala ngakhale kamodzi. Tizitsulo take tinali topyapyala ngati todulidwa ku chitini cha mafuta, dzimbiri litadya kale mbali imodzi, ndipo kawilo kena kanali katathothoka mano. Anati wotchi imeneyi sinapangidwe kuti idzakonzedwe, inapangidwa kuti igulidwe basi.

Loweruka anapita nayo kwa bambo a sitolo, ndipo zimene zinachitika kumeneko anandiuza atabwera. Akuti mkuluyo atangoiona anaika manja kumbuyo, anauza makasitomala kuti mchere watha, natengera amuna anga kuseri kwa matumba. Kuigwira anakana. Anangoweramira m'katimo ndi kagalasi kake, amuna anga ataigwirizira.

"Achimwene, maliro awa musandiitanire," anatero. "Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kuibweza chonchi, n'kukafotokoza kupolisi mmene inathera m'manja mwanu. Apo ayi, ipezereni matumbo ena."

Anayeza kukula kwa m'katimo ndi ulusi, n'kuyamba kutchula mawotchi a amuna anga mmodzimmodzi, poti onse ankawadziwa pamtima. Msilikali anali wamkulu kwambiri. Mjoni anali wonenepa. Amene akanalowa bwinobwino anali Wansembe. Bambo a sitolo, amene anakhala zaka akunena kuti Wansembe ndi wotchi ya akazi, akuti anapukuta misozi ndi chipewa chake. Kenako anafunsa ngati angasungeko chigoba chake chikatsala.

Ntchitoyo amuna anga anaigwira Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ana tinawatumiza kwa aneba. Ine ndinakhala pakhomo ndi lichero, ngati ndikupeta, kuti wina akamabwera nditsokomole. Anazula mivi pamphuno ya mwini dziko mosamala, poopa kukanda tsaya. Anatulutsa matumbo a Wansembe, anapala apa ndi apo, ndipo poti timiyendo ta nkhope ija sitinkagwirizana ndi mabowo atsopano, anaimata ndi sulushoni womatira chubu cha njinga. Tsiku limenelo sanadye. Dzuwa litapendeka anandiitana n'kundiikira wotchi ija kukhutu. Inkagunda mofatsa, mosadumphadumpha, monga inkachitira Wansembe.

"Moyo wanga wonse," anatero, "sindinaonepo chitini chikuyenda bwino chonchi."

Tsiku la alendo, ife amayi titavina mpaka fumbi kutilowa m'mano, atcheyamani anaimirira kulankhula. Anakweza mkono wawo, nauza anthu kuti adani a dziko lino anayesa kuithira fumbi wotchi imeneyi koma alephera. Anaitanitsa wailesi, nadikira kuti nthawi ya nkhani ikwane. Wailesi italira, muvi unali pomwepo. Tinaimba nthungululu. Kenako anaimiritsa amuna anga, nati uyu ndi mphunzitsi wokhulupirika, amene amapukuta fumbi la adani mosayembekeza kanthu. Anthu anawomba m'manja, amuna anga anawerama, ndipo ine ndinaona akuluakulu ena a pabenchi yakutsogolo akusuzumira m'mikono mwawo.

Zinapezeka kuti ku msonkhano wa ku Lilongwe kuja sanagule atcheyamani okha. Woyamba kufika anali msungichuma wa chipani, ndi wotchi yomweyo, yogona chimodzimodzi. Kenako mayi wapampando wa amayi anabweretsa ya amuna ake. Kenako kalaliki wa khoti, kenako atcheyamani ena a kwa Dambe amene anapalasa njinga tsiku lonse. Aliyense ankakhala pampando, kumwa madzi athu, n'kunena kuti nayenso fumbi lamulowera. Kukana kunalibe poyambira, chifukwa funso linali lodziwika: mwakonzera uje, ineyo ndalakwa chiyani, kapena nkhopeyi yakutopetsani? Mjoni anapalidwa mpaka analowa. Wotchi ya mbuzi yanga ija, imene anali ataipezera kale galasi ndi muvi wachiwiri, inapita kwa kalaliki wa khoti. Malipiro ake anali zikomo. Mmodzi anabweretsa nkhuku ya chitopa, wina anawapatsa khadi lachiwiri la chipani, kuti loyamba likadzatayika asadzavutike.

Amuna anga anayamba kuonda. M'mawa ankatsegulabe chitini chija, koma tsopano theka linali zigoba, nkhope zokongola zopanda kanthu m'kati. Ankazipukuta n'kuzibwezera m'nsanza zake. Pa misonkhano ankakhala kumbuyo, akuyang'ana mikono ya akuluakulu ikuwomba m'manja, ndipo ankandinong'oneza kuti uyo ndi Mjoni, uyo ndi uja tinamupeza kwa nkhalamba ina yakhungu. Ine amene ndinakhala zaka ndikudana ndi akazi anzangawo ndinapezeka ndikuwamvera chisoni.

Nzeru yowathawitsa otsalawo inali yanga. Ndinali ndi azakhali amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, kupitirira phiri la Kachebere. Kumeneko anthu tinkapita pa tinjira ta m'minda, kumaliro kapena kukaona odwala, chifukwa malirewo anangodula pakati pa abale. Ndinati ndikawasiye mawotchiwo kumeneko mpaka fumbi litatha, ndipo aliyense wobwera tizimuonetsa chitini cha zigoba. Amuna anga anakana kuti mawotchiwo alowe mudengu, poti anyamata a chipani ankakonda kupisa ndodo m'madengu. Pamapeto pake ndinawatunga onse pa chingwe n'kumanga m'chiuno ngati mikanda, pamwamba pake n'kuvala nsalu ya chipani, nkhope itagwera pamalo pake.

Chimene sanandiuze n'chakuti m'mawa umenewo anawapota onse, powatsanzika. M'basi sindinamve kanthu chifukwa cha phokoso la injini. Nditatsika n'kulowa kanjira ka m'minda, kunja kuli zii, ndinamva chiuno changa chikugunda. Sichinkagunda pamodzi ayi, wotchi iliyonse inali ndi liwiro lake, ngati chiswe chikudya denga. Ndisanaganize chochita, ndinaona amuna awiri a chipani, a malaya ofiira, atakhala pansi pa mtengo, pamene kanjirako kamatsikira kudambo. Anafuna khadi, ndinawapatsa. Anafunsa kumene ndikupita, ndinati kukaona azakhali odwala. Mmodzi anali akubweza khadi, koma mnzake anapendeketsa mutu n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku ngati galu amene wamva mbewa.

Ndinayambitsa nyimbo. Inali imodzi mwa zija tinkavina kuboma, yotamanda mwini dziko, ndipo ndinaiyamba ndi mawu onse amene ndinali nawo, ndikuwomba m'manja. Nyimbo yoteroyo ikayamba sunkangoima n'kumaonerera. Amuna aja anayang'anana, aliyense kuopa kuti mnzake akanena, ndipo anayamba kuvomera. Ndinavina chobwerera m'mbuyo, Msilikali akundimenya pafupa la chiuno, mpaka ndinafika m'bango la kudambo, iwo akuwombabe m'manja pansi pa mtengo paja. Nditawoloka ndinakhala pachulu, ndipo ndinawatukwana amuna anga ndi mawu amene sindinadziwe kuti ndimawadziwa.

Azakhali anali mayi wachangu, woweta nkhumba, amene sankamva zinthu kawiri. Ndinawafotokozera kuti mawotchiwa ndi moyo wa mkamwini wawo, awaike mumphika wouma, avundikire, ndipo asawaonetse munthu. Anati zamveka, mwana wanga, zasungika. Ndinagona komweko, m'mawa ndinabwerera pa njira ina.

Sabata isanathe atcheyamani anabweranso kwathu, nkhope ili gwa. Anati aona kuti masiku ano aliyense, ngakhale kalaliki wamba, wotchi yake ikuyenda ngati yawo, ndipo zimenezi zikuchotsa ulemu. Nkhope ya mwini dziko si yomangotsegulatsegula ngati chitini cha nsomba. Kuyambira tsiku limenelo amuna anga analetsedwa kugwira wotchi ina iliyonse ya nkhope kupatula ya atcheyamani okha, ndipo aliyense wobwera nayo atumizidwe kwa iwo kuti akafotokoze kumene akulitenga fumbilo. Amuna anga anathokoza kwambiri, anawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwera anaima pakhomo n'kumandiyang'ana. Ndinawauza kuti asayambe, chifukwa chiuno changa chinali chisanapole.

Tinati tikawatenge mawotchi aja mwamsanga, koma mvula inabwera, dambo lija linadzaza, kenako kunali mayeso, kenako kumalire kunaopsa kwa kanthawi pa zifukwa zimene sitinauzidwe. Miyezi inapita. Chimene chinatiwolotsa chinali uthenga wakuti amuna a azakhali amwalira, ndipo tinapita tonse awiri.

Pamaliro amuna anga anakhala kwa amuna, ine ndinalowa m'nyumba ya siwa. Pasanapite nthawi ananditumizira mwana kuti ndituluke. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe. Anandilozera msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene ankawaza nkhuni za pamaliro. Nkhwangwa ikakwera, pamkono pake pankaoneka nkhope yakuda ya Msilikali. Anandilozera akatekisiti amene ankatsogolera nyimbo, mkono ukukwera ndi kutsika ndi wotchi ina. Anandilozera mmodzi wa adzukulu okumba manda, dothi lili mpaka m'zigongono, pamkono pali kawotchi kagolide kamene amuna anga sankalola ngakhale ine kukagwira ndi manja onyowa. Onse ankawazindikira ali patali, n'kumatchula mtundu wake ndi kumene anawapeza, ngati munthu woitana maina m'kalasi.

Titaika maliro ndinapeza mpata wowafunsa azakhali, amuna anga ataima chapatali monga amachitira mkamwini. Sanaone cholakwika. Anati atangovundukula mphika uja patapita masiku awiri, anapeza zinthu zonse zili chete.

"Zinafa zonse, mwana wanga. Zonse zinafa."

Ananena mokweza, pabwalo, anthu akumva, ndipo ndinaona amuna anga akudzidzimuka n'kuyang'ana kumbuyo, kuiwala kuti tili m'dziko la eni. Azakhali anapitiriza kuti anachita mantha, poopa kuti tidzati anapha ndi iwo. Mwana wawo ndiye anawauza kuti zinthuzi zimafuna munthu wozipota tsiku ndi tsiku. Ndiye anachita monga timachitira ndi mbuzi zikachuluka, anaikiza kwa anthu okhulupirika, uyu imodzi, uyu imodzi, kuti aziweta. Imodzi yokha ndiyo anavomera kuti inapita ndithu, polipira munthu amene nkhumba zawo zinamudyera chinangwa.

Mkamwini alibe pakamwa kwawo kwa mkazi, makamaka pamaliro. Amuna anga anazungulira mudziwo tsiku lotsatira, akupepesa maliro khomo ndi khomo, maso ali pamikono. Aliyense ankawalandira bwino, n'kuwaonetsa mmene akuisamalira wotchi yawo, n'kuwatsimikizira kuti asade nkhawa, ili m'manja abwino. Akatekisiti anati popanda wotchiyo mapemphero abwereranso kumayamba mochedwa, ndipo sakukhulupirira kuti mkhristu angafune zimenezo. Amene anabweza anali okhawo amene mawotchi awo anali atasweka galasi kapena kuduka lamba. Msuweni wanga uja anali atalawirira ku Chipata kukafuna ntchito, ndipo mkazi wake anati munthu wofuna ntchito sapita mkono uli mbee.

Tinanyamuka ndi mawotchi ochepa ovulala m'thumba la jekete. Amuna anga anali patsogolo, ndipo ine ndinkayenda kumbuyo ndikukonza mayankho. Titayamba kuliona phiri la Kachebere anaima n'kutembenuka, ndipo ndinadabwa kuona kuti nkhope yawo yawala.

"Mayi, munaona mmene ankawazira nkhuni zija? Ndinapita kukamufunsa nthawi. Nkhwangwa yonse ija, koma Msilikali sanataye ngakhale mphindi. Anthu akale ankadziwa kupanga zinthu."

Mvula inatipeza tisanafike pamsewu, ndipo tinathawira m'chigafa cha fodya cha munthu amene sitinkamudziwa. Mwini wake anabwera ndi chimanga chootcha, anafunsa za maliro, anapepesa, kenako iye ndi amuna anga anayamba kukambirana ngati fodya wa chaka chimenecho adzauma bwino ndi chinyezi chotere. Ine ndinatsamira mzati n'kugona tulo.